Waya M'dzanja la Selestina

Selestina anagwa pa ngolo ya thirakitala Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 1959, atafungatira mtsuko. Mtsukowo sunasweke. Chimene chinathyoka ndi dzanja lake lamanja, pamfundo pomwe limakumana ndi mkono.

Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, kwawo ku Ncheu, ku Nyasalande. Pa famu ya fodya iyi, kufupi ndi tauni ya Banket, cha ku Salisbury, anabwera potsatira mwamuna wake Lazalo, ndipo anali atakhala pakomboni zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuumba. Miphika ya ndiwo, nkhali, mitsuko ya madzi, mbiya za mowa, zonse zinkachokera kuseri kwa nyumba yake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Joana, anakwatiwa ku mgodi wa Mangula, choncho anthu ankamutchula Selestina kuti mayi a Joana. Tsiku limenelo ankapita kumsewu waukulu kukagulitsa mitsuko kwa anthu odikira basi.

Woyendetsa thirakitala, Christmas, anadumphitsa ngolo pa kachulu kamene aliyense pa famupo ankakadziwa. Ataona kuti munthu wagwa anaimitsa, n'kubwera akupukuta manja pa ovolosi. Anayang'ana Selestina ali gone m'fumbi, anayang'ananso mtsuko.

"Mtsuko uli bwino, amayi," anatero.

"Ndaona," anayankha Selestina.

Anamutengera kunyumba kwa bwana, chifukwa dona, mkazi wa bwanayo, ndiye ankasunga bokosi la mankhwala. Dona anapaka dzanjalo mankhwala a mtundu wa pepo amene ankapaka chilichonse, kuyambira zilonda za ana mpaka makutu a agalu. Analimanga bandeji, anamupatsa mapiritsi awiri, n'kumuuza kuti akapume.

Patapita milungu itatu chotupa chinaphwa, koma dzanja linatsala lokhota ngati mpini wa khasu wosemedwa ku mtengo wolakwika. Zala zitatu zinachita dzanzi. Supuni inkamupulumuka. Dona anafunsa tsiku lina kuti miphika ya maluwa imene anaitanitsa ili kuti, ndipo Selestina anangomasula bandeji n'kumuonetsa. Dona anayang'ana nthawi yaitali, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kalata. M'mawa mwake Selestina anakwera lole yonyamula chimanga kupita ku Salisbury, atakhala pamwamba pa matumba, dzanja ataliika pamiyendo.

Ku chipatala chachikulu anaonedwa ndi dokotala wachizungu, wamng'ono msinkhu, wa makutu ofiira. Womasulira anali odale wina, wantchito wothandiza odwala, dzina lake Sixpence, wa ku Zomba, amene ankalankhula Chinyanja ngati akuchita kubwereka.

"Akufunsa kuti mumagwira ntchito yanji."

"Ndimaumba mbiya."

Sixpence ananena mawu amodzi okha m'Chingerezi, dokotala n'kulemba.

"Mwawauza chiyani?" anafunsa Selestina.

"Ndati mumakhala pakhomo."

"Nanga mbiyazo?"

"Papepalapo palibe malo ake."

Anamujambula dzanja ndi makina, ndipo dokotala anaonetsa chithunzicho pawindo, akuloza ndi pensulo. Sixpence anamasulira kuti fupa linagwirana molakwika, ndipo likufinya mitsempha. Ayenera kung'amba, kulithyolanso, kulilumikiza bwino ndi kuikamo waya.

"Alithyolenso?"

"Eya."

"Ndikanadziwa ndikanangouza Christmas. Iye uja ali pafupi."

Sixpence sanamasulire zimenezo.

Anamuvundikira kumaso chinthu chonunkha ngati palafini wothira shuga. Atadzuka anasanza kawiri, kenako anaona kuti mkono wake waumbidwa m'pulasitala yoyera kuyambira pachigongono mpaka pamizu ya zala. Anaigogoda ndi chala cha kumanzere. Inali yolimba bwino, koma kunja kwake kunali mabampu, ndipo m'mphepete munali mokhakhala.

"Amene waumba izi sanakulungize," anauza mayi wa pa bedi loyandikana. Mayiyo anali Mzezuru wothyoka mwendo, wosadziwa Chinyanja, ndipo anangovomera m'chinenero chake kuti, "Ndizvo," osamva n'komwe.

Dokotala anauza Selestina kuti abwerenso pakatha milungu isanu ndi umodzi. Asanyowetse pulasitala, asanyamule kanthu, asalowetsemo kamtengo pokanda.

Nthawi imeneyo inali yeniyeni youmba. Dzuwa la Seputembala limaumitsa mbiya m'masiku ochepa, makungwa owotchera amakhala ouma. Selestina ankakhala pakhonde n'kumaona dzuwalo likungotha. Dongo limene anakumba asanagwe linali kuseri, atalivundikira ndi masaka. Ankapita kukalithira madzi ndi dzanja lamanzere m'mawa uliwonse, ngati munthu wodyetsa mbuzi ya mwini wake. M'kati mwa pulasitala munkanyerenyesa, ndipo pa tsiku lachinayi analowetsamo kamtengo.

Chimene chinkamupweteka koposa dzanja chinali njira ya kuchitsime, yomwe inkadutsa pakhomo pake. Mtsuko ukasweka, mwini wake sankadikira. Ankapita ku sitolo ya pa famu kukapempha chitini cha palafini, n'kuchitsuka ndi phulusa. Mlungu woyamba Selestina anawerenga zitini ziwiri pamitu ya akazi. Mlungu wachitatu zinali zisanu ndi ziwiri. Zinkadutsa zikulira phokoso, ndipo eni ake ankamupatsa moni akuyang'ana kumbali.

Kenako panabwera Ricardina, mayi wa ku Tete amene ankafulula mowa wa Loweruka pakomboni. Anakhala pamphasa, anafunsa za dzanja mwachidule, n'kufika pa nkhani yake.

"Mbiya yaikulu ija yang'aluka, mayi a Joana. Kuyambira kukamwa mpaka pamimba."

"Yakhala zaka zisanu ndi zinayi."

"Sindikudandaula ayi. Koma anthu samwa zaka. Foromani akuti ku shedi kuli mgolo wa dizilo wopanda ntchito."

"Mowa wa m'mgolo umamveka chitsulo."

"Akamwa chipanda chachitatu samvanso," anatero Ricardina.

Selestina anamuuza kuti adikire milungu itatu. Ricardina anayang'ana pulasitala ija, n'kutsanzika.

Madzulo ake Lazalo anabwera kuchokera kuntchito ali matope mpaka m'zigongono. Ntchito yake yeniyeni inali yosonkha moto m'mabalani owotchera fodya, koma nyengo imeneyi kunalibe fodya, ndiye bwana anamuika pa gulu louma njerwa za balani yatsopano. Anali munthu wamtali, wosafulumira pa chilichonse, ndipo akafuna kunena kanthu ankayamba wakhosomola. Mkazi wake atamufotokozera za Ricardina, iye anakhosomola.

"Paja inenso ndimaumba," anatero.

"Mumaumba chiyani?"

"Njerwa. Mazana asanu pa tsiku."

"Bambo a Joana, njerwa ili ndi makona anayi, ndipo amene amaiumba ndi chikombole. Inu mumangoponyamo matope."

"Dongo ndi dongo."

Kwawo ku Ncheu mwamuna sankayandikira n'komwe pamene akazi akuumba. Selestina anaganiza zimenezo masiku awiri, akumvera zitini zikudutsa. Lamlungu atabwera kutchalitchi anauza mwamuna wake kuti avule jekete, akwinye malaya, apite kuseri kwa mpanda.

Anayamba ndi kumusinjitsa dongo n'kumuchotsetsa timiyala. Pamenepo panalibe vuto. Vuto linayamba pa kuumba. Mbiya imafuna manja awiri ogwirizana: lina m'kati lochirikiza, lina kunja lokweza khoma ndi chitsononkho cha chimanga. Moyo wake wonse Selestina ankaika lamanzere m'kati, lamanja kunja. Tsopano anauza Lazalo kuti aike dzanja lake m'kati, iye n'kugwira chitsononkho ndi lamanzere, limene linali lisanachigwirepo.

"Musakankhe. Ingotsatirani dzanja langa."

"Sindikuliona dzanja lanulo. Lili kunja."

"Simufunika kuliona. Mulimve."

Lazalo anamva, ndipo zala zake zinatulukira kunja kwa mbiya. Anaziyang'ana ngati za munthu wina. Anaphwanya, anayambanso. Yachiwiri inafika m'chiuno mwake n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Selestina anamunena kuti ali ndi manja a nkhuni. Lazalo anati chitsononkho chikuyenda ngati woledzera, ndipo sanali kunama. Anasiya dzuwa litapendeka, osalankhulana.

Lamlungu lotsatira yachitatu inaima. Sinali yokongola. Mbali imodzi inali yonenepa, ndipo kukamwa kwake kunali ngati kukufunsa funso. Selestina anaikulungiza ndi kamwala kake ka kumtsinje, ataipanira ndi mawondo. Itauma anaiwotcha ndi makungwa, ndipo apa Lazalo anathandizadi, chifukwa moto ankaudziwa kuposa munthu aliyense pa famupo. Anayang'ana mtundu wa lawi n'kunena kuti aonjezere makungwa mbali ya kumphepo. Mbiya inatuluka yofiira bwino. Ataigogoda inalira.

Ricardina anabwera kudzaitenga. Anaizungulira, anaigogoda, kenako analowetsa mkono m'kati n'kumasisita khoma. Anakhala akusisita kanthawi.

"Mayi a Joana, chipatala chakukulitsani zala."

"Ndi mankhwala," anatero Selestina.

Pofika Lachiwiri komboni yonse inali itadziwa kuti Lazalo waumba nawo mbiya. Pa dzenje la njerwa amuna anayamba kumutchula Lazalo kuti "Mai veHari", kutanthauza mayi wa mbiya. Wina anamufunsa ngati akufuna kumugulira duku ku sitolo. Lazalo anapitiriza kuponya matope m'chikombole mpaka onse atatha kuseka, ndiye anakhosomola.

"Kodi Adamu anaumbidwa ndi ndani? Ndi amayi anu?"

Amunawo anali Akhristu ndithu, ndipo anasowa poyambira. Dzinalo silinathe, koma ankalinena iye atapita.

Kumapeto kwa Okutobala Selestina anakweranso lole. Sixpence anadula pulasitala ndi sizasi yaikulu. M'kati munatuluka kadzanja kowonda, kotuwa, kofundula khungu ngati njoka, kali ndi chipsera chautali wa chala, ndiponso timitengo titatu tothyoka. Dokotala anayang'ana timitengoto, anamuyang'ananso Selestina. Anamuuza kuti apinde dzanja. Zala zinayenda, ndipo dzanzi linali litatha. Koma mfundo sinapindike. Inangosuntha pang'ono ngati chitseko chotupa ndi mvula, n'kuima, ululu n'kuthamanga mpaka paphewa.

Dokotala analankhula nthawi yaitali. Sixpence anamasulira kuti waya akhala momwemo mpaka kalekale, ndipo dzanja lidzapindika pang'ono kuposa apa, koma osati ngati kale.

"Akuti muzilichititsa masewero. Muzifinya chinthu chofewa tsiku lililonse. Mpira wa ana ungachite bwino, koma ngati mulibe, akuti ngakhale dongo. Akufunsa ngati kwanuko mungalipeze dongo."

Selestina anamuyang'ana Sixpence. Sixpence anayang'ana pepala.

"Auzeni kuti ndifunsa anthu," anatero Selestina.

Atafika kunyumba sanadikire. M'mawa mwake Lazalo atapita kuntchito, anakhala kuseri, anaika phale pansi, anatenga chitsononkho ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse. Anafuna kamphika kakang'ono chabe, ka nyemba. Zala zinagwira chitsononkho, koma pokweza khoma dzanja limayenera kupendekeka, kutsata mimba ya mphika, ndipo ili linakana. Linkapita molunjika ngati fosholo. Anayesa kupendeketsa mkono wonse, khoma linang'ambika. Anayesa kanayi. Kachisanu chitsononkho chinagwa chokha.

Anakhala pomwepo mpaka dongo linayamba kuuma pa zala. Anayamba kuumba ali ndi zaka khumi, amayi ake aakulu akumumenya pa dzanja lomweli akalakwitsa. Sankadziwa kusoka kapena kufulula mowa. Ntchito imene inatsala kwa mkazi pa famupo inali yosankha fodya m'shedi, kuimirira tsiku lonse m'fumbi loyetsemulitsa, foromani akuyenda kumbuyo. Analira pang'ono, osatulutsa mawu, kenako anasamba m'manja n'kukatola nkhuni.

Zinthu zinaipiraipira chifukwa Lazalo anali atayamba kuikonda ntchitoyo. Ankabwera kuchokera ku njerwa n'kupita kuseri osauzidwa. Anayamba kuumba yekha timiphika, manja onse awiri ake. Tinali tokhuthala, tolemera ngati mwala, koma sitinkasweka. Tsiku lina mkazi wina wa pakomboni, Tionenji, anafika pakhomo n'kunena mwaulemu kuti akufuna mphika, koma wa abambo, chifukwa ana ake ndi osasamala.

Selestina anamupatsa. Madzulo anaika chakudya pamphasa n'kukhala chakumbali.

"Simudya?" anafunsa Lazalo.

"Idyani inu. Ndinu ogwira ntchito."

Lazalo anatafuna kanthawi. "Ndalakwa chiyani, mayi a Joana?"

"Palibe. Anthu akufuna miphika ya abambo."

"Ndimati ndikuthandizani."

"Mwandithandiza. Mwatsala pang'ono kumaliza."

Lazalo sanapitenso kuseri. Mvula inagwa mlungu womwewo, ndipo dzenje la dongo linadzaza madzi, choncho panalibe amene akanaumba ngakhale akanafuna. Anthu onse analowa m'munda kuwokera fodya. Mu Januwale mabalani anayatsidwa, Lazalo n'kubwerera ku moto wake.

Dzinja lonselo Selestina anachita zimene dokotala ananena. Ankayenda ndi kampira ka dongo m'dzanja, akufinya popita kuchitsime, akufinya pocheza, ngakhale m'tchalitchi, atakabisa m'nsalu. Ankaviika dzanja m'madzi ofunda n'kulikanikiza pa bondo mpaka misozi italengeza. Mu Febuluwale anatha kupotokola chitsekerero cha botolo. Mu Malichi anasenza ndowa yodzaza theka. Mfundo inapindika pang'ono, n'kuima pamene inafuna, ndipo sinapitirirenso.

Mvula italeka mu Epulo anakakumba dongo latsopano, pang'onopang'ono, maulendo ambiri. Anakhala kuseri, anayesanso ndi dzanja lamanja, ndipo zinali chimodzimodzi. Atatopa analowetsa dzanja lopwetekalo m'kati mwa mphika kuti lipume pa dongo lozizira. Khoma linali litapendekera kunja, pafupi kugwa, ndiye anatola chitsononkho ndi lamanzere kuti angoliwongola. Linawongoka. Anakweza kachiwiri. Dzanja lamanzere linali litaphunzira kanthu ndithu pa masiku aja ankakangana ndi mwamuna wake, ndipo lamanja, louma chomwecho, linkachirikiza m'kati osagwedera. Pa ntchito imeneyo kusapindika sikunali vuto.

Sizinatheke tsiku limodzi. Lamanzere linkafuna kuzungulira mbali yolakwika, ndiye anayamba kutembenuza phale chobwerera. Mizere yokongoletsa pakhosi, imene kale ankailemba akucheza ndi anthu, tsopano inkatuluka ngati mapazi a nkhuku. Anaisiya, n'kumangodinda timadontho ndi bango. Mitsuko ya khosi lopapatiza inamukanika chifukwa dzanja lamanja silinkatha kupinda kuti lituluke, choncho anakulitsa kukamwa. Pa mlungu ankaumba theka la zimene ankaumba kale, ndipo kukazizira m'mawa waya ankamveka m'fupa, moti ankadikira dzuwa likwere.

Kumayambiriro kwa Juni anali ndi zinthu khumi ndi chimodzi zouma. Anapempha Lazalo kuti adzaone moto, iye anabwera osanena zambiri. Zitatu zinaphulika m'moto. Imodzi inang'aluka pozizira. Zisanu ndi ziwiri zinatuluka zamoyo, ndipo Selestina anazindandalika pakhomo, m'mbali mwa njira ya kuchitsime.

Akazi ena anaima, anagogoda, anati mitsuko yasintha nkhope. Atatu anatenga, n'kubweretsa mapira odzaza mtsuko womwewo monga mwa mwambo. Ena anati chitini n'chopepuka ndipo sichisweka, ndipo anapitiriza ndi zitini zawo. Selestina sanawatsutse, chifukwa zinali zoona. Anangodikira Okutobala, pamene madzi a m'chitini amatentha ngati tiyi.

Chimene chinamukanika kotheratu ndi mbiya zazikulu za mowa. Zimafuna kuti munthu aweramire m'kati mpaka paphewa n'kukankha ndi mphamvu, ndipo dzanja lake silinkalola. Mu Julayi kunabwera uthenga kuchokera ku famu yoyandikana kuti kuli ukwati, akufuna mbiya ziwiri. Selestina anasunga uthengawo masiku atatu. Tsiku lachinayi anapeza mwamuna wake akusoka nsapato pakhonde.

"Bambo a Joana, Lamlungu muli ndi zochita?"

Lazalo anakhosomola. "Zitengera."

"Kuli mbiya ziwiri zazikulu. Inu m'kati, ine kunja. Timiphika ndi tanga, musatikhudze."

Lazalo anabaya nsapato, anakoka ulusi, anauluma.

"Ndipo anthu akafunsa kuti waumba ndani?"

"Muziti mumathandiza moto."

"Zala zanga zimaoneka m'kati."

"Ndizifufuta," anatero Selestina.

Lazalo anaganiza kanthawi, akutembenuza nsapato m'manja. Kenako anati dongo la ku dzenje lakale lili ndi mchenga wambiri, iye waona lina labwino kuseri kwa dibi la ng'ombe. Selestina anati wakhala akukumba dzenje lakalelo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndipo palibe anadandaulapo. Loweruka masana anapita onse awiri kukaliona, Lazalo atanyamula khasu ndi thumba. Selestina anatapa pang'ono, analifinya, analinunkhiza, anaikako kulilime. Linali labwino. Anauza mwamuna wake kuti n'chimodzimodzi ndi lakale, koma popeza afika kale, akumbe.